Mabuku a Ndege a Malemu Olímpio

Katundu wa a Olímpio adamugawana bwino ndithu, popanda wokwezera mnzake mawu. Njinga idapita kwa mkulu wawo, a Mateus. Mbuzi zidatsogozana ndi mlongo wawo Fátima. Jekete, nsapato za kutchalitchi, wailesi, khasu ndi nkhwangwa, zonsezo zidapeza eni ake dzuwa lisanapendeke. Chidatsala ndi bokosi la mabuku pakona ya chipinda.

A Mateus adalitsegula ndi chala cha kuphazi, adasuzumiramo, adalitsekanso.

"Izi tidzaona," adatero.

"Mudzaona liti, alamu?" adafunsa Carlota, mkazi wa malemuyo.

"Tidzaona."

Adakwera njinga ya mng'ono wawo, ulendo wa kwawo kumsewu wa ku Malowera. Mvula idagwa, chimanga chidamera, chidacha, anthu adakolola. A Mateus sadaone.

Tsono kwawo kwa a Olímpio mwambo wake uli chonchi: mkazi wamasiye samusudzula katundu wa mwamuna akadali m'nyumba. Chilichonse cha malemu chituluke, ndipo abale ake achilandire ndi manja awo. Mkaziyo sangachitaye yekha, sangachiotche, sangachigulitse. Ndipo asanasudzulidwe sathira mchere m'ndiwo, akuti wodya ndiwozo amatupa miyendo. Anthu a ku Fíngoè ndi akhristu, amaimba kwaya Lamulungu mpaka mawu kusasa, koma pa mchere wa mkazi wamasiye palibe mkhristu.

Masiku oyambirira Cátia, mnansi wake, adali kubwera kudzamuthirira mchere. Adali kuima pakhomo la khitchini, kutambasula dzanja, kuthira, ndi kubwerera. Pambuyo pake adayamba kuiwala. Carlota sadali munthu wokapempha kawiri. Adayamba kudya nkhwani wosakolera, nyemba zosakolera, yekha, mbale ili pamwendo. Anthu odutsa panjira adali kumupatsa moni ali kutali, osakhota. Mwana wake Lina, wokwatiwa kumzinda wa Tete, adali kuimba foni netiweki ikapezeka.

"Amayi, ingowaponyani m'chimbudzi mabukuwo. Adziwa ndani?"

"Adziwa ndani? Kuno ukayetsemula kumunda amakuyankha kumsika."

Mabukuwo Carlota adadana nawo kuyambira kale. A Olímpio adayamba kuwagula ku Zambia, zaka zija anthu adathawirako nkhondo yapachiweniweni. Kumsika wa ku Petauke kudali bambo wina wogulitsa zovala zakale za salaula, amene adali kuyalanso pansi mabuku akale, othothoka zikuto, ena odindidwa zidindo za masukulu a kutsidya kwa nyanja. Anthu anzeru adali kuwagula kuti azikulungira fodya. A Olímpio adali kugwada pafumbipo ndi kusankha a ndege zankhondo okhaokha. Chingerezi chawo chidali cha moni ndi kupempha madzi akumwa. Adali kungoona zithunzi.

Chimene iwo adali kufunafuna m'mabukumo, Carlota yekha ndiye adachidziwa. A Olímpio ali mwana, nthawi ya nkhondo ya atsamunda, amayi awo adaphedwa kudimba. M'mawa wa tsiku limenelo a Olímpio adaona kandege kakudutsa pamwamba pa mudzi, mapiko ali pamsana, miyendo ili lende. Kenaka wina adawakankhira pansi pa nkhokwe. Adangomva phokoso. Madzulo amayi awo adabwera nawo pamachira.

"Chinthu chidandilanda amayi chili ndi dzina," adali kutero. "Azungu sapanga chinthu osachilemba m'buku."

Nkhondo itatha adabwerera ku Fíngoè, anthu atasenza mapoto ndi mbewu, iwo atasenza mabuku. Ndipo sadaleke. Akapita ku Tete kukagulitsa mtedza, adali kuzungulira kwa anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu. Chaka china adapita kukagula lata lotsekera podontha, adabwera ndi buku lalikulu ngati mphasa yopinda, lodzaza sitima zapamadzi zonyamula ndege pamsana. Mvula idapitiriza kudonthera pabedi.

Akaweruka kumunda adali kusamba m'manja kawiri, kukhala pansi pa mtengo wa mango, kunyambita chala, ndi kutembenuza tsamba. Nyanja. Chipale chofeŵa. Azungu akumwetulira atatsamira mapiko. Sitima ikumira, utsi uli tolo. M'mabuku onsewo mudalibe nkhokwe, mudalibe dimba, mudalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Azungu adalemba nkhondo zawo zokha. Carlota adali kulankhula ndi nkhongo ya mwamuna wake. Adali kuwauza za mbuzi yothyoka mwendo, za malungo a Lina, za mawu amene adamunena nawo kuchigayo, ndipo iwo adali kungoti "Mhm."

Akadakhala mkazi wachiwiri, bwenzi atamukoka tsitsi mpaka pabwalo. Koma pepala ungalimenye bwanji? Tsopano mwamuna adapita, mkazi mnzakeyo ndiye adatsala m'chipinda, kumutsekera pakhomo pa anthu.

Chidamutsiriza ndi ubatizo wa mdzukulu wa Cátia. Kwa Cátia adapha mbuzi, ndipo bairo yonse, dera lawo la m'taunimo, idadziwa kuti nyama ya mbuzi palibe woiphika ngati Carlota. Adapita m'mamawa ndi mpeni wake ndi chipande chake. Amayi adali atazungulira mafuwa, akuseka. Atamuona adaleka kuseka.

"Kumadre," adatero Cátia, monga amaitanirana amayi apachinansi, maso ali pa anyezi, "inu mutithandize nkhuni. Nkhuni zachepa."

Nkhuni zidali mulu mpaka m'chiuno.

"Zachepadi," adatero Carlota.

Adatembenuka, adabwerera kwawo. Adakoka bokosi lija. Pansi pake chiswe chidali chitayamba kale ntchito, ndipo adachisasa mwaukali ngati chamuba. Adalongedza mabuku m'dengu lalikulu lokololera, adafunditsa chitenje, adamanga.

Adapita pamene pamaima a mota, onyamula anthu panjinga zamoto. Woyamba adafunsa chimene chidali m'dengumo. Atamuuza adati matayala ake ndi ofooka. Wachiwiri adati mafuta. Wachitatu adanena chilungamo: katundu wa maliro sanyamula. Pomwepo padali mnyamata wina wokumba golide, thope lofiira mpaka m'makutu, amene adakweza chitenje nasisita tsamba limodzi ndi chala.

"Amayi, pepala loterera chonchi ndi labwino kukulungira golide, fumbi lake silimamatira. Ndisiyireni onsewa, mupumule."

Carlota adaliyang'ana dengu. Kungoti inde, bwenzi mutu wake utapepuka pomwepo. Koma a Mateus akadadzafunsa, ndipo mlandu ukadakhala wake.

"Chotsa dzanja," adatero. "Si anga."

Adapinda nkhata, amuna awiri adamutwika, adauyamba wapansi.

Pepala limalemera kuposa chimanga. Zimenezi sadazidziwe. Khosi lidayamba kuwawa asanatuluke m'tauni, ndipo pofika kumigodi, kumene nthaka adaikumbakumba ngati mwadutsa nguluwe, thukuta lidali kulowa m'maso. Galimoto yamakala idamudutsa, fumbi lidamukuta, sidaime. Adali kuyenda akutukwana. Adatukwana bambo wa salaula wa ku Petauke. Adatukwana azungu ojambula sitima. Adatukwana a Mateus ndi njinga yawo. A Olímpio adawasungira pomalizira, koma atafika pa iwo mpweya udali utatha.

Pamtsinje wouma adatula dengu pamwala wautali kuti adzathe kudzitwika yekha. Padalibe munthu, njiwa zokha. Buku lina lidasuzumira pansi pa chitenje, ndipo pangodya za masamba ake padali pakuda, pamene chala chonyowa chija chidali kugwira zaka zonsezo. Adaikapo chala chake. Chidali chaching'ono, sichidakwanire pakudapo. Adalibwezera, adamanganso chitenje.

Adafika dzuwa litapendeka. A Mateus adali pakhonde, njinga ija ataigoneka chagada, akulimbana ndi tcheni.

"Odi."

Adadzutsa mutu. Adaona dengu asanaone munthu.

"Mlamu. Mwayenda wapansi?"

"Ndauluka. Nditulitseni."

Sadanyamuke. Fátima, amene nyumba yake idali kuseri, ndiye adathamanga kudzamutula. Dengu lidagunda pansi ngati mwala.

"Mwatitengera chiyani?" adafunsa a Mateus, ngakhale adadziwa.

"Katundu wanu. Mudati mudzaona. Ndabwera kuti muone."

"Kaikeni kuseri kwa mpanda."

"Njinga mudaiika kuseri kwa mpanda?"

"Mlamu, lankhulani bwino."

"Ndalankhula bwino chaka chathunthu, ndi makoma. Kuseri kwa mpanda kumatayidwa phulusa. Mng'ono wanu sadali phulusa. Wailesi mudailandira ndi manja awiri, nsapato mudaziyesa pomwepo maliro asanazizire. Izinso ndi zake. Mulandire ndi manja, ndione ndi maso anga, mundisudzule. Ndatopa kudya ngati mbuzi."

"Achimwene," adatero Fátima chapansipansi, "landirani. Mayiyu wavutika."

A Mateus adaponya sipanala pansi.

"Zinthu zimenezi m'nyumba mwanga sizilowa. Zidamudya mutu mng'ono wanga. Adali mlimi wabwino, adasanduka mphunzitsi wopanda shikola. Akabwera kuno, buku m'khwapa ngati katekisita, kukhala apo, kumatembenuza masamba pamaso panga, podziwa kuti ine sindidziwa ngakhale kulemba dzina langa. Kundinyadira. Ine amene ndidamubereka kumsana mpaka kumalire."

Carlota adaseka, kuseka kouma.

"Kukunyadirani? Munthu uja sadali kuwerenga kanthu. Chingerezi adachidziwira kuti? Adali kufunafuna ndege."

"Ndege yanji?"

"Imene idapha amayi anu. Adati akufuna aione nkhope, adziwe dzina lake. Kandege kamapiko pamsana, kolendewera miyendo. Adafa asanakapeze."

Nkhuku idadutsa pakati pawo, idajompha chitenje cha dengu, idapita.

"Kaja?" adatero a Mateus. Mawu awo adali atatsika. "Kaja sikadachite kanthu. Kadangodutsa m'mwamba m'mawa, kuona kumene kuli anthu, kadapita. Chidapha amayi chidabwera dzuwa lili pamutu. Chidalibe mapiko. Helikopita. Idaima m'malere pamwamba pa dimba, nthochi zonse zidagona pansi ndi mphepo yake. Pakhomo pake padakhala munthu, miyendo ili panja, mfuti ili pakati pa maondo."

"Mudaona inu?"

"Ndine ndidamukankhira Olímpio pansi pa nkhokwe, pamodzi ndi uyu," adaloza Fátima ndi chibwano, "akuyamba kumene kuyenda. Ndidathamangira kudimba kukawaitana amayi. Ndidagona m'bango. Ndidaona."

Fátima adakhala pansi pafumbi pomwepo. Iyenso adali asanamvepo.

Carlota adaimirira chilili. M'mabukumo mudali mahelikopita. Adawakumbukira bwino, kumapeto kwa buku lina lobiriwira mudali masamba ake ambirimbiri. A Olímpio adali kuwatembenuza mwachangu, atatu anayi nthawi imodzi, akuti atombolombo awa akungonditayitsa nthawi.

"Simudamuuze," adatero.

"Sadandifunse."

"Adali kubwera kuno ndi buku m'khwapa. Kukhala apo. Kulitsegula pamaso panu. Mumati akudikira chiyani, mvula?"

"Za tsiku limenelo ife sitikamba. Iye sadakambe, ine sindidakambe."

"Amuna awiri a imvi, mimba imodzi, pakamwa pali pomwepo, mumangodyera nsima. Inu kudziwa, iye kufunafuna. Ine pakati, kulankhula ndi nkhongo, mvula ikundidonthera pabedi. Lina adakula osadziwa maso a bambo ake amaoneka bwanji. Mawu angati, alamu? Sidali yamapiko. Basi. Mbuzi ikadanena."

A Mateus adayang'ana manja awo, akuda ndi girisi ya tcheni. Adanyamuka pang'onopang'ono, maondo akulira, adapita pamtsuko, adathira madzi m'beseni. Adasamba ndi sopo nthawi yaitali, adapukuta pa buluku. Adabwera adzaima patsogolo pa dengu, adatambasula manja onse awiri.

Carlota adamasula chitenje. Sadawapatse mulu. Adatola limodzi, adawaika m'manja. Iwo adalowa nalo m'nyumba, adatuluka, adatambasulanso. Adatola lina. La sitima zonyamula ndege, lija lidadya lata, adaligwira pang'ono asanalisiye. Lobiriwira lija adalipereka osaliyang'ana, ndipo iwonso sadalitsegule. Ana a pamudzipo adaima patali kuonerera nkhalamba ikulowa ndi kutuluka ngati nyerere, mpaka m'dengu mudatsala tizidutswa ta mapepala ndi dothi la chiswe.

Fátima adapha nkhuku. Itawira adaitana akuluakulu awiri a pamudzipo kuti akhale mboni, adatapa mchere, adauika m'chikhatho cha Carlota. A Mateus adalankhula atagwira chipewa pamimba.

"Mlamu, mudatisungira m'bale wathu. Mudamudwazika, mudamulira. Katundu wake talandira yense. Tilibe nanu mangawa. Kuyambira lero ndinu mfulu, phikani, anthu adye. Mukapeza wina wokusungani, ife sitidzalankhula."

"Wina wa chiyani," adatero Carlota.

Adathira mcherewo mumphika. Adaona ngati wachepa, adatapanso wina, adathira. Dzanja lidali litaiwala muyeso. Nkhukuyo idawawa mchere moti mkulu wina adatsokomola, koma onse adadya, a Mateus adapempha msuzi wina, ndipo palibe amene adadandaula.

Adagona kwa Fátima. M'mawa a Mateus adati amuperekeze panjinga, iye adakana. Adatenga dengu lake lopanda kanthu, adalikolowetsa pamkono, adatsazika.

Manda a mudziwo ali m'nkhalango yaing'ono kumanzere kwa njira, ndipo a Olímpio adawaika m'menemo, pafupi ndi amayi awo. Munthu salowa kumanda popanda maliro, ndiponso kuyambira dzulo lake Carlota sadalinso mkazi wa pamudzipo. Adaima m'mphepete, pamene udzu wotentha umathera ndi mitengo imayambira. Adayang'ana uku ndi uku. Kudalibe munthu.

"Olímpio," adatero. Moyo wake wonse adali asanawatchulepo dzina popanda ulemu. "Sidali yamapiko. Idali helikopita. Idali m'buku lobiriwira lija, kumapeto. Udaidutsa kambirimbiri, iwe chitsiru."

Adadikira. Adadziona yekha kuti akudikira, adadzikwiyira. M'mitengomo mudali mbalame ina ikulira mobwerezabwereza, ndi masamba ouma akugwa.

Adafuna kuwonjezera zina. Za mbuzi ya Cátia, za wa mota, za khosi lake. Adazisiya. Adavundikira dengu pamutu kuti limutchinge dzuwa, adalowa mumsewu wa ku Fíngoè. Njira idali yaitali chimodzimodzi, ndipo mphepo idali kufuna kumulanda dengulo, kotero adayenda njira yonse ataligwira ndi dzanja limodzi.